Jenda ioneke mu bajeti

Mu 2013, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Gender Equality Act. Lamuloli limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena amayi asapitirire 60 pa anthu 100 aliwonse, ndipo asachepere 40. Ndi lamulo labwino. Koma chaka chotsatira, pa chisankho cha 2014, amayi 32 okha ndi amene anapeza mipando mwa aphungu 193, chifukwa malirewo sakhudza mipando yochita kuvotera.

Dziko la Rwanda linachita mosiyana. Malamulo ake aakulu a 2003 anapereka kwa amayi mipando yosachepera 30 pa 100 iliyonse m'malo opangira ziganizo. Kuposa apo, unduna uliwonse popereka bajeti yake umayenera kuonetsa mmene ndalamazo zithandizire amayi ndi amuna. Apa mpamene pagona nkhani, poti chimene boma limasamaladi chimaoneka m'ndalama, osati m'zolankhula za pamsonkhano.

Malawi analawako kale ubwino wa bajeti yoganizira amayi. Bajeti ya 2022 inachotsa msonkho wina pa mapadi, chinthu chimene chimakhudza atsikana ambiri apasukulu mwezi ndi mwezi. Nanga mjigo, umene ukanafupikitsa mtunda kwa mayi wolawira m'mbandakucha kukatunga madzi? Nanga nyumba zodikirira amayi oyembekezera pa zipatala zakumidzi, kapena malo ogona atsikana pa masekondale oyendera? Zonsezi n'ziganizo za ndalama, ndipo zimapwetekadi zikaiwalika.

Unduna wa zachuma ndi makhonsolo azionetsa poyera amene apindule ndi kwacha iliyonse. Aphungu asavomereze bajeti yosayankha funso limeneli.