Gitala ya agogo musaigulitse mtengo wa nkhuni

Aliyense amene anakula akumvera nyimbo za Don Williams pa wayilesi ya MBC akulidziwa liwu lija lolira mokoka kumbuyo kwa woimba, lokwera ndi kutsika ngati mayi amene akulira maliro kutsidya la mtsinje. Ambiri amayesa kuti ndi gitala wamba. Ayi ndithu. Chida chimenecho eni ake amachitcha pedal steel, ndipo m'nyimbo zambiri za Don Williams ankachiliza ndi Lloyd Green, katswiri wa m'masitudiyo a ku Nashville.

Mukachiona koyamba mungati ndi makina osokera. Chimaima pa miyendo inayi ngati katebulo, nsambo zili chagada, nthawi zambiri khumi pa khosi limodzi, ndipo zina zimakhala ndi makosi awiri. Woimba amakhala pampando n'kumatsetsereza kachitsulo kosalala pamwamba pa nsambozo, kwinaku mapazi akuponda zopondera ndipo mawondo akukankha tizitsulo tina tapansi. Zonsezi zimakoka kapena kumasula nsambo nyimbo ili mkati. Kalizidwe kotsetsereza chitsuloka kanayambira ku Hawaii ndi Joseph Kekuku chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Zopondera zinadzatchuka pambuyo pake, Bud Isaacs atazigwiritsa ntchito m'nyimbo ya Webb Pierce yotchedwa Slowly, yomwe inajambulidwa mu 1953. Ku Africa kuno amene anachionetsa ku dziko lonse ndi Demola Adepoju wa m'gulu la King Sunny Adé ku Nigeria, mu chimbale cha Juju Music cha 1982.

Ku America anthu amalimbirana zida zakalezi, ndipo kagulidwe kawo n'kamene ndikufuna tikaonetsetse. Wogula wodziwa sayamba ndi kunyezimira. Amachitembenuza chafufumimba, kufuna dzina la wopanga ndi nambala yodindidwa. Kenako amaona makina apansi: Fender 1000 ya 1957 inkakoka nsambo ndi zingwe zachitsulo zodutsa m'timawilo, pamene Emmons za m'ma 1960 zinali ndi tindodo tokankha ndi kukoka. Sho-Bud, kampani ya Shot Jackson ndi Buddy Emmons, nayonso ili ndi kapangidwe kake kodziwika. Zimene anapanga Paul Bigsby n'zochepa, chifukwa mkuluyu ankapanga chimodzichimodzi ndi manja, nthawi zambiri n'kulembapo dzina la woimba amene wachiitanitsa. Wina akachipakanso penti kapena kusintha ziwalo zake zoyambirira, mtengo umagwa pomwepo.

Kuno kwathu ku Chikwawa ndi ku Nsanje mutha kuyenda kuchokera pa Dyeratu mpaka ku Marka osakumana nacho chida chimenechi. Koma mbale wake tili naye. Achikulire amamutcha hauyani, dzina lochokera ku Hawaii komweko: gitala wamba yogoneka pamiyendo, nsambo zitakwezedwa, woimba n'kumatsetsereza botolo kapena kachitsulo. Ndiche Mwarare anatchuka nayo, ndipo Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira mu 1987, ankaidziwa bwino. Gerhard Kubik wa ku Austria, yemwe anakumana ndi anyamata a kwa Kachamba ku Blantyre mu 1967, analemba za kalizidwe kameneka.

Magitala ambiri a nthawi imeneyo anabwera ndi azibambo athu ochokera ku Joni ndi ku Salisbury, pamodzi ndi bulangete ndi galamafoni. Ena mwa iwo akadalipo, atapachikidwa pa msomali kuchipinda, kapena ana akuwakoka pabwalo ngati galimoto. Ndiye mwana wa m'tauni akafika ndi ndalama ya matumba awiri a chimanga pa mwezi wa njala, banja limangothokoza. Sindikuwaweruza ayi, njala ya m'chigwa muno tonse timaidziwa. Chimene chimandiwawa n'choti amagulitsa asanadziwe chimene ali nacho.

Tengani tochi muunikire pabowo la gitalayo. Mkati mumakhala kapepala ka wopanga. Mukaona dzina loti Gallotone, dziwani kuti inapangidwa ku South Africa, ndipo inali gitala yotsika mtengo, ya anthu apantchito. Kapepala kameneko musakamatule, ngakhale kathetheke bwanji. Kenako onani khosi. Gitala imene inkalizidwa ndi zala imakhala ndi timizere tachitsulo toperepeseka ndiponso timaenje pamene zala zinkadinikiza. Ya hauyani timizereto timakhala ngati tatsopano, chifukwa botolo silitikhudza, ndipo kumutu mungapeze kamtengo kapena kachitsulo kamene mwini wake anaika kuti nsambo zikwere. Mmisiri wosadziwa amakachotsa kameneko poyesa kuti akukonza. Kumeneko n'kufufuta umboni wonse.

Nkhani ya Gallotone ili ndi phunziro lake pa za mtengo. Gitala yoyamba ya John Lennon wa gulu la The Beatles inali Gallotone Champion, ndipo mu 1999 inagulitsidwa ku London pa mtengo woposa mapaundi 100,000. Musathamangire kuwerenga ndalama za lobola, achimwene. Inzake ya mtundu womwewo yopanda mbiri siyandikirako n'komwe. Thabwa lake n'lomwelo, kusiyana kwake n'koti ya Lennon inali ndi umboni wa amene anaigwira. Ngakhale kwathu kuno zili choncho. Valimba alipo ambiri m'chigwachi, koma a Kambazithe Makolekole akudziwika kunja chifukwa Andrew Tracey analemba za gulu lawo mu 1991.

Choncho ntchito yaikulu ndi ya cholembera. Agogo akadali moyo, khalani nawo pansi pa mtengo muwafunse: anaigula chaka chanji, m'tauni iti, akugwira ntchito mgodi uti kapena famu iti, ankaimba nyimbo ziti, ndipo pa ukwati wa ndani. Ngati chiphaso cha Wenela chilipo, kapena chithunzi chawo atanyamula gitalayo, zisungeni pamodzi m'pepala lapulasitiki. Ajambuleni pa foni akuiliza, ngakhale nsambo zitatsala zitatu.

Adani a gitala m'chigwa muno ndi atatu. Kutentha kwa mu Okutobala pansi pa malata kumasungunula guluu, khosi n'kupindika, ndiye muzimasula nsambo pang'ono ikakhala kuti sikuimbidwa. Chiswe chimaidya mukaitsamiritsa ku chipupa. Wachitatu ndi madzi. Amene anaona kusefukira kwa mu Januwale 2015, kwa namondwe wa Ana mu 2022 ndi kwa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti pothawa palibe amene amakumbuka gitala, choncho malo ake akhale pamwamba mvula isanayambe. Vanishi watsopano ndi sandipepa musayandikize. Kansalu kouma n'kokwanira.

Wogula akabwera, mtengo musatchule ndinu, ndipo muuzeni abwerenso pakatha sabata. M'masiku amenewo tumizani zithunzi za kapepala kamkati, mutu ndi kumbuyo kwake kwa oimba awiri kapena atatu achikulire, mufunsenso ku nyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri. Akayamba kukukakamizani kuti galimoto ikumuthawa pa Bangula, musiyeni akakwere.