Phungu wofuna kumanga milatho akaimire ukhansala

Andrew Young analowa m'nyumba ya malamulo ya ku America mu 1973. Mu 1977 Pulezidenti Jimmy Carter anamutuma kukhala kazembe ku United Nations. Atachoka kumeneko, mkulu ameneyu, yemwe anayenda limodzi ndi Martin Luther King pomenyera ufulu wa anthu akuda, anabwerera ku Atlanta kukapempha mavoti a umeya. Anautumikira mzindawo kuyambira 1982 mpaka 1990, akulimbana ndi za misewu, madzi ndi ntchito za anthu.

Kuno ku Mchinji tikanati bamboyo watsika, ndale zamuthera. Maganizo amenewa ndiwo akutipweteka.

Khansala timamuona ngati mnyamata wonyamula chikwama cha phungu. Chikhalirecho mlimi wa ku Mkanda amene mtedza wake walephera kufika kumsika chifukwa kamlatho kanakokoloka, kapena mayi wogulitsa tomato pa Kamwendo popanda chimbudzi chabwino, vuto lake ndi la khonsolo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapereka ntchito zoterezi ku makhonsolo. Nanga andale anatani? Makhansala osankhidwa mu 2000 atatha nthawi yawo mu 2005, dziko linakhala lopanda khansala mpaka 2014. Zaka 9 zathunthu! Mu 2010 aphungu anadzipatsanso mphamvu yovota m'makhonsolo, uku atagwira kale thumba la ndalama za chitukuko cha m'madera awo la CDF. Munthu mmodzi apange lamulo, agawe ndalama, asankhe pokumba mjigo, ndiye adzifunse yekha mmene ndalamazo zayendera? Khothi linakana zimenezi mu 2025, ndipo linachita bwino.

Tangodutsani malire pa Mwami. Ku Chipata, umene unakhala mzinda mu 2017, meya amasankhidwa ndi anthu eni ake pa tsiku la mavoti. Akalephera, anthu amadziwa khomo lokagogoda. Wapampando wa khonsolo yathu amasankhidwa ndi makhansala anzake m'chipinda, ndipo ku Kapiri kapena ku Waliranji ambiri dzina lake sangalitchule n'komwe.

Ndikufuna wapampandoyo tizimuvotera tokha, ndalama za chitukuko zizipita ku khonsolo, tizimufunsa iyeyo pamaso. Phungu akhale ku Lilongwe, awerenge bajeti, afunse nduna chifukwa chimene njanji ya ku Chipata ikungochita dzimbiri. Ngati mtima wake uli pa milatho ndi mijigo, pa chisankho chikubwerachi atule pansi uphunguwo, akalembetse ku wodi yakwawo.