Jay-Z si Mpulumutsi wa Oimba, ndi Bwana Basi

Pali bodza lina limene ife okonda nyimbo timalikonda kwambiri: lakuti woimba akakhala pampando wa bwana pakampani yojambula nyimbo, oimba anzake apuma. Eti poti iyeyo anagonapo ndi njala mu situdiyo, sangadyere mnzake masuku pamutu. Tikafuna umboni timathamangira dzina limodzi, Jay-Z. Ine ndikukana. Mbiri ya mkuluyu ikunena zina.

Tiyambe ndi zomwe sindingamulande. Shawn Carter anabadwa mu 1969, nakulira ku Marcy, nyumba za boma za anthu osauka ku Brooklyn. Makampani akuluakulu atamukana, iye ndi Damon Dash komanso Kareem Burke anatsegula kampani yawo, Roc-A-Fella, ndipo mu 1996 anatulutsa chimbale cha Reasonable Doubt. Nzeru zake zonse zagona pamenepa. Anazindikira msanga kuti ndalama zenizeni sizili pa maikolofoni, zili papepala lonena kuti nyimboyi mwini wake ndani.

Mu 2003 anatulutsa The Black Album n'kulengeza kuti wasiya kuimba. Chakumapeto kwa 2004 anamusankha kukhala pulezidenti wa Def Jam, kampani yomwe ili pansi pa Universal. Nthawi yomweyo gawo lotsala la Roc-A-Fella linagulitsidwa kwa Def Jam, ndipo ubwenzi wake ndi Dash unathera pomwepo. Ali pampandopo, Def Jam inalemba Ne-Yo komanso mtsikana wa ku Barbados yemwe anali asanakwanitse zaka 18, Rihanna. Khutu lomva talente anali nalo, izi sitikangana.

Koma funsani akale. LL Cool J, yemwe nyimbo zake zinathandiza kudzutsa Def Jam kuyambira 1984, anadandaula poyera kuti kampaniyo sikumusamala. Ndiye mu 2006 pulezidenti uja, yemwe ankati wapuma, anatulutsa chimbale chake, Kingdom Come, pakampani yomweyo. Tangoganizani: wogawa ndalama zotsatsira zimbale ndi yemwenso ali ndi chimbale pamsika. Wosewera mpira yemweyo, woimbira yemweyo. Inu mukanakhala woimba pamenepo, mukanagona tulo?

Atachoka ku Def Jam anatsegula Roc Nation mu 2008, pamgwirizano ndi Live Nation wa ndalama pafupifupi $150 miliyoni. Apa tsopano panalibe Universal yoti n'kuinamizira. Koma mu 2015 Rita Ora anakasuma kukhoti kuti amumasule ku kontrakiti yake, ponena kuti kampaniyo yamutaya. Nkhaniyo anaithetsa kunja kwa khoti mu 2016, iye n'kupita ku Atlantic. Kontrakiti ya kampani ya woimba imamanga chimodzimodzi ngati ya bwana yemwe sanagwirepo gitala.

Chondipsetsa mtima kwambiri ndi Tidal. Mu 2015 Jay-Z anagula kampani yomvetserera nyimbo pa intanetiyi ndi ndalama pafupifupi $56 miliyoni, n'kutiuza kuti tsopano oimba ali ndi yawoyawo. Nanga pansanja ku New York tsiku limenelo panaima ndani? Beyoncé, Madonna, Kanye West, Rihanna, Daft Punk ndi ena otero. Onse okhuta kale. Mnyamata wojambula nyimbo kuchipinda pa kompyuta yobwereka panalibe. Mu 2021 gawo lalikulu la Tidal linagulitsidwa kwa Square ya Jack Dorsey pamtengo wa pafupifupi $300 miliyoni. Imene tinkaiyesa nkhondo yomenyera oimba ija inali geni, ndipo geni yake inayenda bwino.

Ndikudziwa, wina wayamba kale kulemba kuti "nsanje imeneyo, aise". Wina ati munthu wakuda wochokera ku Marcy kufika poti Forbes imutchule kuti ndi biliyoneya mu 2019, si chinthu chonyadira? Nyadirani, ufulu ndi wanu. Sindikuti Jay-Z ndi mbava. Ndikuti ndi wabizinesi, ndipo iye mwini sanabisepo zimenezo. Obisa ndife, amene timamuveka mkanjo wa mpulumutsi.

Ndipo bodzali limapweteka anthu enieni. Woimba wachinyamata akaitanidwa ndi bwana yemwe ankamvera nyimbo zake ali mwana, manyazi amamugwira. Kupempha kuti loya awerenge kaye pepala kumaoneka ngati chipongwe kwa wamkulu. Amasaina akumwetulira, osadziwa kuti ndalama zimene wapatsidwa poyambazo ndi ngongole, kampani idzazidula pa zomwe nyimbo zake zidzapeze. Osadziwa kuti ma master, kutanthauza nyimbo monga inajambulidwira mu situdiyo, apita kwa kampani, mwina kwa zaka zambirimbiri. Nyimbo ikamveka mu filimu kapena pamalonda, foni imalira kwa mwini master, osati kwa mwini mawu okoma aja.

Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ngati mumamukondadi Jay-Z, tengerani zomwe anachita ali wosauka: sanadikire chifundo cha bwana aliyense, anafuna umwini. Tsiku lomwe woimba amene mumamupembedza adzakuikireni pepala patebulo, mupatseni ulemu wake wonse, mujambulitse naye chithunzi ngati mukufuna. Kenako pindani pepalalo, mupite nalo kwa loya.