Za Moyo wa pa Banja: Mimba Yowawabe Mankhwala Atatha

Mwezi uno tifuna kuceza nanu za bvuto limene lasowetsa tulo mabanja ambiri. Munthu adwala m'mimba, apita ku cipatala, ampeza ndi tizirombo, nampatsa mankhwala. Iye amwa kufikira mbulu wotsiriza. Koma taonani, papita sabata zitatu, mimba iri ciwawire. Ageya kawiri-kawiri, cirungulira cimkwera kukhosi, ndipo mtanda umodzi wa nsima umkhutitsa monga wadya itatu. Pamenepo mtima wace ugwa, ndipo ena a pamudzi ayamba kunong'ona kuti munthuyu anadyetsedwa. Tikupemphani, musafulumire kuloza mnzanu cala. Yambani mwamva zimene zicitika m'cifu.

Kacirombo kamene tinena dzina lace ndi Helicobacter pylori. Sikaoneka ndi maso. Kalowa m'thupi ndi madzi oipa, ndi zakudya, ndi manja osasamba, makamaka paubwana, ndipo anthu ambirimbiri akhala nako osadziwa. Mwa ena katupitsa cifu ndi kubala zironda. Madokotala awiri a ku Perth, m'dziko la Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anakapeza m'caka ca 1982. Poona kuti anzao sakhulupirira, Marshall anamwa dala tiziromboto m'caka ca 1984, nadwaladi. Ndipo m'caka ca 2005 onse awiri analandira mphotho ya Nobel. Cotero nthenda iyi iri ndi gwero lace lodziwika.

Nanga ululu utsaliranji mankhwala atatha? Zifukwa zazikuru ziripo ziwiri. Coyamba ndi ici: ciswe cikadya cipupa ca nyumba, ngakhale mucipha conse, maenje ace atsala kufikira mutamata. Momwemonso cifu. Kacirombo kafa, koma malo amene kanaononga sapola tsiku limodzi. Cironda cifuna sabata 4 kufikira 8, ndipo mwa ena kudzimbidwa ndi kugeya kukhalitsa miyezi. Apa akuru ananena zoona, kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Caciwiri ndi cakuti kacirombo sikanafe. Mankhwala ace amwedwa pamodzi: mitundu iwiri kapena yoposa yakupha tizirombo, ndi umodzi wocepetsa asidi wa m'cifu, monga omeprazole, kawiri-kawiri masiku 10 kufikira 14. Wodumphitsa masiku, kapena woleka pakati cifukwa wayamba kupeza bwino, asiya tizirombo tamoyo. Ndiponso tiripo tina tosamva mankhwala ena, ngakhale munthu wamwa mokhulupirika.

Palibe munthu angathe kusiyanitsa ziwirizi pakumvera ululu wokha. Cifukwa cace bwererani ku cipatala, mufunse za kuyesedwanso. Kuyesaku kucitika zitapita sabata zosacepera 4 citsirizire mankhwala akupha tizirombo, ndipo dokotala adzakuuzani kuleka omeprazole sabata 2 tsikulo lisanafike, pakuti iye abisa kacirombo. Ayesa cimbudzi kapena mpweya wa m'kamwa. Magazi sathandiza pamenepa, popeza asunga cizindikiro ca nthenda nthawi yaitali kacirombo katafa kale. Akakapezanso, adzakupatsani mankhwala a mtundu wina. Musagule nokha omwe aja kumsika, kapena kumwa otsala a mnzanu.

Tsono poyembekeza, nazi zocita pakhomo. Inu amai, musamuunjikire wodwala nsima yambiri nthawi imodzi. Mpatseni pang'ono pang'ono, kanai kapena kasanu pa tsiku: phala, mbatata yophika, nthoci zakupsya, ndiwo zamasamba, nsomba, mazira, zosacuruka mafuta. Tsabola, tiyi wowawa ndi zokazinga, ngati aona kuti zimuutsira ululu, azileke. Koma musamletse zakudya zonse cifukwa ca mantha, pakuti thupi lanjala silipoletsa cironda. Adye madzulo kusanade, ndipo papite maora 2 kapena 3 asanagone. Kumbukiraninso kuti lamulo la kusala kudya silimanga odwala.

Inu abambo, kacasu ndi mowa uli wonse zipsereza cifu, ndipo fodya acedwetsa kupola kwa zironda. Kumwa mankhwala ndi kupitiriza izi kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Cenjeraninso ndi mibulu ya mutu ndi msana yogula pa sitoro. Aspirin, ibuprofen ndi diclofenac zikhoza kuyambitsa cironda, kapena kutulutsa magazi pa cironda cakale. Paracetamol ndiye sabvulaza cifu akamwedwa pa muyeso wace. Ngati dokotala anakulemberani aspirin cifukwa ca mtima, musaleke nokha, koma mumuuze za mimba yanu. Soda ndi mkaka ziziziritsa kanthawi kocepa cabe, siziciza ai.

Kuti kacirombo kasayende m'banja, imwani madzi a pa mjigo kapena owiritsa. Sambani m'manja ndi sopo pocokera kucimbudzi ndi musanadye, mocita kuthirirana, osati nonse m'mbale imodzi. Ndipo musatafunire mwana cakudya.

Koma ziripo zizindikiro zosayenera kuyembekeza nazo. Munthu akasanza magazi, kapena zakuda zonga matsokwe a khofi. Akacita cimbudzi cakuda bii ngati phula la mumseu. Akamva ululu woopsya wadzidzidzi, mimba niuma gwa. Akagwa cizungulire ndi kuyera m'manja ndi m'zikope, mutengereni ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Akamaonda popanda cifukwa, akamasanza masiku otsatana, kapena cakudya cikamkanika kumeza, apite msanga, makamaka ngati ali wacikulire; pakuti mwa anthu owerengeka kacirombo aka kabala khansa ya m'cifu, imene ifuna kupezedwa isanakule.

Potsiriza, inu a pabanja, pirirani naye wodwala wanu. Nthenda yosaoneka kunja itopetsa mtima, ndipo nkhawa ionjezera ululu. Musamuyese waulesi akalephera kugwira khasu; mlandireni nchito yace, mumkumbutse tsiku lobwerera ku cipatala, ndipo mmodzi wa inu amperekeze. Tsalani bwino kufikira mwezi wa mawa.