Njinga Tiri Nayo, Nanga Madzi?

Kumpoto kwa mzinda wa Mutare, m'mapiri a Nyanga, kumachitika mpikisano wa triathlon pamalo otchedwa Troutbeck. Mu mpikisano waufupi, munthu amasambira mamita 750, n'kupalasa njinga makilomita 20, kenaka n'kuthamanga makilomita 5, zonsezi motsatizana. Kumabwera akatswiri a mayiko ena, komanso anthu wamba amapikisana ndi amsinkhu wawo.

Mkhristu wa ku Sakubva wofuna kudziyesa sangaope njingayo. Alimi athu amapalasa mtunda woposa pamenepo atamangirira thumba la chimanga kumbuyo. Vuto lagona m'madzi. Damu la ku Troutbeck n'lozizira, ndipo pamalo okwera mamita pafupifupi 2,000 mpweya umaperewera m'chifuwa. Pemphero la m'mphepete mwa damu limakhazikadi mtima pansi, koma manja osaphunzira amamira nawe ndithu.

Apa mpomwe mipingo yathu ikuwodzera. Achinyamata timawakonzera mpira ndi kwaya, ena timawabatiza mumtsinje, koma kusambira sitiwaphunzitsa. Chonsecho dzinja likafika ana omwewo amawoloka mitsinje yodzaza popita kusukulu. Inu atsogoleri a achinyamata, musanagule yunifolomu ya mpira chaka chino, yambani mwapeza dziwe lotetezeka ndi munthu wodziwa kuphunzitsa kusambira.