Kalata kwa Kazembe wa Malawi ku South Africa: Anthu Athu Akusainira Milandu Imene Sakuimvetsa

Olemekezeka a Kazembe,

Ndakulemberani poyera chifukwa ndikufuna kuti makolo a ku Mangochi, Machinga, Mzimba ndi Nkhata Bay amene ana awo ali kuno ku Joni awerenge nawo. Nkhani yake ndi ya Amalawi amene amagwidwa ndi mapepala achinyengo: pemiti yogula pamsewu, chidindo chabodza m'pasipoti, pepala la othawa kwawo losindikizidwa kuseri kwa sitolo, kapena chiphaso cha South Africa chokhala ndi dzina la Chizulu pomwe mwiniwake ndi Myao wa ku Namwera. Ofesi yanu imakumana ndi anthu amenewa ku Lindela, malo osungirako alendo odikira kubwezedwa kwawo ku Krugersdorp, pokawatsimikizira kuti ndi Amalawi ndi kuwalembera zikalata zobwerera kumudzi. Pofika pamenepo mlandu umakhala utatha kalekale. Umathera m'chitokosi, m'masiku awiri oyamba, munthu ali yekhayekha ndi wapolisi, cholembera chili m'manja.

Sindikuikira kumbuyo chinyengo. Pepala labodza ndi labodza, ndipo dziko la eni lili ndi ufulu woteteza zipata zake. Lamulo lawo loona za olowa ndi otuluka, la m'chaka cha 2002, silinyengerera. Gawo 49 limati wongokhala m'dzikomo popanda chilolezo angalipitsidwe chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka ziwiri, koma wopezeka ndi pasipoti, pemiti kapena chiphaso chopeka angamangidwe mpaka zaka 15 popanda mwayi wa chindapusa. Gawo 29 limawonjeza kuti munthu wotere ndi woletsedwa kulowanso m'dzikomo, pokhapokha mkulu wa ofesi ya Home Affairs atamuchotsera chiletsocho pa zifukwa zomveka. Choncho mnyamata amene masiku 30 amene Mmalawi amapatsidwa pa Beitbridge amuthera, n'kugula pemiti kuti azigona tulo, wachoka pa mlandu waung'ono n'kudziponya pa waukulu. Ambiri sadziwa zimenezi mpaka tsiku loimirira pamaso pa majisitireti.

Ena amagula akudziwa bwinobwino chimene akugula. Koma ena, ndipo si ochepa, amapusitsidwa. Amapereka pasipoti yeniyeni kwa munthu wodzitcha agenti, amene amati ali ndi mnzake wa m'kati, amalipira ndalama za thukuta, ndipo pasipoti imabwerako itamatidwa pepala lonyezimira lokhala ndi nambala ndi chidindo. Angadziwe bwanji kuti nambalayo mulibe m'kompyuta ya boma? Komanso "mnzake wa m'kati" uja si nthano nthawi zonse. Mu Marichi 2022 apolisi anagwira gulu la anthu usiku mu ofesi ya Home Affairs ya ku Krugersdorp pa mlandu wopanga mapasipoti achinyengo, ena mwa iwo ogwira ntchito ku Home Affairs. Chaka chomwecho komiti imene inatsogoleredwa ndi Cassius Lubisi inapereka lipoti loonetsa kuti chinyengo pa kaperekedwe ka zilolezo chinamera mizu m'maofesi a boma lenilenilo. Pa mlandu wachinyengo funso lalikulu ndi lakuti woimbidwa mlanduyo ankadziwa kapena ayi. Funso limeneli ndi limene anthu athu amaliyankha molakwika, ndi dzanja lawo lomwe, asanaonane ndi loya aliyense.

Ndikupatseni chitsanzo cha mnyamata wa kwathu amene ankapenta nyumba za anthu. Anatsitsidwa m'minibasi Lachisanu madzulo, utoto uli m'zikhadabo. Ku polisi anamulanda lamba, zingwe za nsapato ndi foni, anamudinda zala, kenaka anamupatsa pepala lofotokoza ufulu wake. Pepalalo linali m'Chingerezi, ndipo Chingerezi chake n'cha pa ntchito basi: kufunsa malipiro ndi kumva mtundu wa penti. Wapolisi analemba sitetimenti yekha, akumufunsa mafunso m'Chizulu, n'kuloza ndi chala pamzere wa pansi. "Saina apa, Lolemba utuluka." Anasaina. Lolemba sanatuluke. M'sitetimentimo munalembedwa kuti iye ankadziwa kuti pemitiyo anaigula kwa munthu wosagwira ntchito m'boma. Chimene iye ananena n'chakuti analipira munthu amene analonjeza kukamutengera pemiti ku boma. Mawu awiriwa akusiyana pang'ono, koma pakati pawo pali zaka za moyo wa munthu.

Chonsecho malamulo oyendetsera dziko la South Africa ndi abwino pa nkhaniyi, ndipo gawo 35 limanena za munthu aliyense womangidwa, osati nzika zokha. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo ayenera kuuzidwa zotsatira zake akasankha kulankhula. Sayenera kukakamizidwa kuvomera mlandu. Ayenera kuonekera ku khoti pasanathe maola 48, ngakhale kuti wogwidwa Lachisanu amadikira Lolemba chifukwa makhoti sakhala kumapeto kwa sabata. Ali ndi ufulu wa loya, ndipo boma liyenera kumupatsa wake ngati kusowa loya kungamupweteketse. Zonsezi ayenera kuuzidwa m'chilankhulo chimene amamva. Mu 2017, pa mlandu umene bungwe la Lawyers for Human Rights linasumira nduna ya Home Affairs, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti ngakhale mlendo wosungidwa podikira kubwezedwa kwawo ayenera kuonekera yekha pamaso pa khoti pasanathe maola 48. Ufulu ulipo wokwanira. Chikusowa ndi munthu woti amuuze Mmalawi m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka kuti: tchula dzina lako ndi kumene ukukhala, zinazo udikire loya, ndipo usasaine chimene sunachimve.

Pali msampha wina wooneka ngati chifundo. Pa milandu ing'onoing'ono apolisi amatha kumuuza munthu kuti alipire chindapusa chovomera kulakwa, azipita. Achibale amathamanga nazo ndalama akuganiza kuti ndi belo. Si belo. Ndalama ya belo imabwezedwa mlandu ukatha, bola munthuyo wakhala akupita ku khoti. Chindapusa chija n'chimodzimodzi kupezeka wolakwa, ndipo dzina limalowa m'kaundula wa anthu olakwira malamulo. Mlandu suwola: patapita zaka, munthu akadzafuna chilolezo chenicheni, adzaupeza ukumudikira. Za wapolisi wopempha "ya kholodiringi" sindichulukitsa, mukuzidziwa. Ndingonena kuti wopereka chiphuphu wawonjezera mlandu wachiwiri pa woyamba, ndipo wolandirayo mawa adzamugwiranso pa ngodya yomweyo chifukwa wadziwa kuti apa pamatuluka ndalama.

Tsopano za maloya, pamene mtima wanga umawawa kwambiri. Munthu akagwidwa, uthenga umafika pa gulu la WhatsApp la anthu a mudzi umodzi, ndipo usiku womwewo msonkhamsonkha umayamba. Wa m'dimba aponyapo, wolera ana aponyapo, mayi kumudzi agulitsa mbuzi. M'mawa pakhomo la khoti pamakhala pataima bambo wa suti yonyezimira ndi chikwama cha mafayilo, amene amadziwa kale kuti nkhope zodandaula zolankhula Chichewa zabwera ndi ndalama m'thumba. Amati majisitireti ndi mnzake, woimira boma pa mlandu anaphunzira naye. Amalandira ndalama m'manja, lisiti osapereka. Ena mwa anthu amenewa si maloya n'komwe, ndi madobadoba a pa khoti. Ena ndi maloya enieni, koma amene amaona mlandu wa mlendo ngati ganyu ya theka la ola. Loya wa mnyamata wopenta uja anafika mlandu utaitanidwa kale, sanapemphe kuona mapepala a apolisi, sanafunse dzina la agenti, sanayang'ane mauthenga a pa foni amene agentiyo ankalonjezamo pemiti ya boma. Anangowerama n'kunong'ona kuti, "Vomera, zithe msanga."

Kuvomera mlandu si kulakwa nthawi zonse. Ngati umboni uli wolimba ndipo munthu ankadziwadi, loya wabwino angamulangize kuvomera, n'kukambirana ndi woimira boma za chilango chocheperako, monga lamulo la kazengedwe ka milandu la 1977 limalolera pa gawo 105A. Koma langizo lotere limabwera pambuyo powerenga fayilo, pambuyo pomufotokozera munthuyo kuti akavomera adzamangidwa nthawi yaitali bwanji, adzamudipota liti, ndipo chipata chidzatsekedwa kwa iye mpaka liti. Loya wongonena kuti "vomera" asanachite zimenezi wagulitsa munthu amene wamulipira.

Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu athu amakana thandizo laulere chifukwa cha mphekesera. Bungwe la Legal Aid South Africa limaimirira osauka pa milandu ya upandu, alendo omwe, ndipo maloya ake amapezeka m'makhoti a majisitireti tsiku ndi tsiku. Koma m'midzi yathu ya kuno mumamveka zoti loya wa boma amagwirizana ndi apolisi, ndiye bola wolipira. N'zoona kuti maloyawa amasenza mafayilo ambiri ndipo nthawi yocheza ndi munthu mmodzi imawachepera. Komabe ndi maloya ovomerezeka, ali ndi owayang'anira, ndipo sadya ndalama za mbuzi ya mayi. Wofuna wolipira ali ndi pofunsa: kuyambira 2018 maloya onse a m'dziko muno ali pansi pa Legal Practice Council, kumene munthu angatsimikizire ngati dzina lili m'kaundula, ndiponso kukadandaula ngati wadyeredwa. Womenyedwa m'chitokosi kapena wopemphedwa chiphuphu angadandaule ku IPID, bungwe lofufuza apolisi. Ndi Amalawi angati ku Diepsloot kapena ku Mayfair amene anamvapo maina amenewa?

Belo nayo ili ndi minga yake. Khoti limafuna adiresi yotsimikizika, ndipo lingaimitse pempho la belo kwa masiku asanu ndi awiri kuti wapolisi akaone pamalopo. Mmalawi wokhala mumkhukhu wopanda nambala, kapena m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, amagwa pomwepo. Mwininyumba amamukana, poti lamulo la olowa ndi otuluka lija limaletsa kubwereketsa nyumba kwa mlendo wopanda mapepala. Kenaka pamabwera vuto la womasulira. Mlandu umaimitsidwa chifukwa wa Chichewa sanapezeke, munthu n'kubwerera ku rimandi. Tsiku lina amabweretsa wa Chishona kapena wa Chiswahili poganiza kuti zonse ndi zilankhulo za kumpoto, ndipo woimbidwa mlandu, chifukwa cha ulemu umene tinaleredwa nawo, amangogwedeza mutu. Munthu akatopa ndi kuimitsaimitsa kotere amavomera chilichonse, kuti angoona tsiku lotuluka.

A Kazembe, ndikudziwa kuti ofesi ya ku Pretoria ndi ya ku Johannesburg zilibe antchito ochuluka kapena ndalama zolembera loya aliyense wogwidwa, ndipo sindikupempha zimenezo. Sindikupemphanso kuti muzilowerera zigamulo za makhoti a eni. Ndikupempha chimene pangano la ku Vienna la 1963 linakupatsani kale. Gawo 36 la panganolo limati mlendo akamangidwa auzidwe mosachedwa kuti ali ndi ufulu wodziwitsa ofesi ya dziko lake, ndipo akapempha, apolisi atumize uthengawo. Limalolanso akuluakulu a ofesiyo kukamuona, kulankhula naye ndi kumuthandiza kupeza womuimirira. Agogo athu ankapita ku migodi pa Wenela ndi pa TEBA, mapepala awo ali m'manja mwa kampani. Adzukulu awo amadutsa pa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda aliyense payekha, ndipo zikavuta alibe wina wowayankhulira kupatula inu.

Yambani ndi nambala ya foni imene imayankhidwa usiku ndi Loweruka lomwe, chifukwa anthu sagwidwa nthawi ya ofesi yokha. Sindikizani kapepala kokwana m'thumba la malaya, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, kofotokoza ufulu wokhala chete, kusiyana kwa belo ndi chindapusa, ndi mawu ochepa a Chingerezi opemphera loya ndi womasulira. Kagawidwe m'mabasi a ku Joni, m'mipingo ndi m'mizikiti imene Amalawi amasonkhana. Lembani kaundula wa Amalawi okhala kuno movomerezeka amene angathe kumasulira m'khoti, n'kuupereka ku makhoti a ku Gauteng, Durban ndi Cape Town. Khalani pansi ndi a Legal Aid South Africa ndi a Lawyers for Human Rights kuti pakhale njira yodziwitsana Mmalawi akagwidwa. Ndipo ogwidwawo akakuuzani maina ndi manambala a maagenti amene anawagulitsa mapepala, musawasunge m'kabati. Aperekeni kwa ofufuza, ngakhale agentiyo atakhala Mmalawi mnzathu, monga zimakhalira kawirikawiri.

Mnyamata wopenta uja anagwira ukaidi wake, anadutsa ku Lindela, ndipo pano ali kumudzi ndi chiletso pa dzina lake. Amene anamugulitsa pemiti akadalandirabe mapasipoti a anthu ena. Ndikupemphani kuti muyankhe kalatayi poyera, ndipo m'yankho lanulo mukhale nambala imene Mmalawi wotsekeredwa Lachisanu usiku angaimbe.

Ine wanu,

Mmalawi wokhala ku Johannesburg