Kuthamanga sikufika: liwiro lokha silipambana masewero a Test

Mpira wothamanga kwambiri umene makina anayezapo pa masewero a cricket unaponyedwa ndi Shoaib Akhtar wa ku Pakistan mu 2003, pa bwalo la Newlands ku Cape Town. Unkathamanga makilomita 161.3 pa ola. Nick Knight wa ku England anaugogoda modekha, mpira n'kugubuduzikira kumbali, nkhani n'kuthera pomwepo. Sanatuluke munthu, ndipo sanali n'komwe masewero a Test koma a World Cup, a tsiku limodzi. Koma yambitsani mkangano wa woponya mwaliwiro amene anaposa onse, muona wina akutulutsa foni kuti akuonetseni nambala imeneyi ngati kuti mlandu watha.

Ambirife cricket taidziwira pa tizidutswa ta mavidiyo ta pa YouTube ndi TikTok, chifukwa Malawi sasewera Test ndipo ndi ochepa amene angakhale pa SuperSport masiku asanu. Kavidiyo ka masekondi 30 kamaonetsa mpira ukuwomba chipewa, timitengo tikuuluka, nambala ikuthwanima pakona. Sikaonetsa ola lathunthu limene woponyayo anakhala akutchera msampha. Ndiye tazolowera kutamanda chimene chimaoneka bwino pa foni, osati chimene chimapambanitsa timu.

Kuti timu ipambane Test, nthawi zambiri imayenera kutulutsa omenya a timu inayo ka 20. Ntchito ya woponya ndi imeneyo basi. Pali nambala ziwiri zimene zimanena zoona pa ntchitoyi: avareji, kutanthauza ma run amene amapereka pa wicket iliyonse, ndi strike rate, kutanthauza mipira imene amaponya asanatulutse munthu. Zonse ziwiri, kuchepa ndiye ubwino wake.

Tengani Brett Lee ndi Glenn McGrath. Awa ndi osavuta kuwayerekeza chifukwa ankasewera timu imodzi ya Australia, zaka zofanana, mabwalo omwewo, nthawi zambiri wina mbali iyi wina mbali inayo. Lee ankapyola makilomita 150 pa ola ngati masewera. McGrath nthawi zambiri ankazungulira cha m'ma 130. Lee anamaliza ndi ma wicket 310 m'masewero 76 pa avareji ya 30.81. McGrath anatenga 563 m'masewero 124 pa avareji ya 21.64. Wicket iliyonse ya Lee inkadula timu ma run 9 kuposa ya mnzakeyo. Pa ma wicket 10 ndi ma run 90, ndipo masewero ambiri a Test amagamulidwa ndi kusiyana kochepera pamenepo.

Chifukwa chake si chinsinsi. Pakati pa timitengo ta mbali ziwirizi pali mamita 20 okha, ndipo mpira wa 150 umafika theka la sekondi lisanakwane. Kwa ine ndi inu imeneyo ndi imfa. Koma womenya wa Test wakula akuona mipira yotere, ndipo ukabwera mowongoka liwiro lomwelo limamuthandiza: amangoika bat, mpira n'kudzipitira wokha kumalire. Chimene chimamusowetsa mtendere ndi kukayika. Mpira ukagwa pamalo pamene sakudziwa ngati apite kutsogolo kapena abwerere m'mbuyo, pafupi ndi kamtengo ka kunja moti sakudziwa ngati aumenye kapena ausiye, kenako n'kupatuka pang'ono chabe utagunda pansi ndi msoko, m'mphepete mwa bat mumaukhudza ndipo ogwira kumbuyo amalandira. McGrath ankaika mpira pamalo amenewo m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka womenya atatopa m'mutu. Anthu ankati ndi zotopetsa kuonera. Omenya a ku England, amene anawazunza kwa zaka zoposa khumi, sankaona choncho.

Ngati mukuti McGrath ankathandizidwa ndi kutalika, nanga Vernon Philander? Sanali wamtali, sanali waliwiro, ndipo thupi lake silinali loti mungaike pa chikwangwani cha malo olimbitsira thupi. Pa Test yake yoyamba, mu Novembala 2011 ku Newlands komweko, anatenga ma wicket 5 pa ma run 15 ndipo Australia yonse inatha pa 47. Anafika ma wicket 50 m'masewero 7 okha, n'kudzapuma ali ndi 224 pa avareji ya 22.32. Makina oyeza liwiro akanakhala ndiwo osankha timu, bambo ameneyu sakanavala n'komwe yunifolomu ya South Africa.

Ndikudziwa chimene mundiyankhe: Mitchell Johnson, Ashes ya 2013 mpaka 2014. Zoona, anatenga ma wicket 37 m'masewero 5 pa avareji yosakwana 14, England inagonja 5-0, ndipo mantha ankaoneka pankhope za akuluakulu. Liwiro ndi chida, sindikukana. Limafupikitsa nthawi yoganiza, ndipo omenya a kumapeto kwa mndandanda limawathyola msanga. Koma Johnson yemweyo anali waliwiro kale mu 2009 ndi 2010, pamene ochemerera a England ankamuimba nyimbo zomunyoza chifukwa mipira yake inkangomwazika, mpaka anamuchotsa mu timu pa Test ya ku Adelaide. Mu 2013 chimene chinaonjezeka n'chakuti mpira unayamba kupita kumene iye akufuna. Ntchito yake yonse itawerengedwa, avareji yake ndi 28.40. Ndi yabwino, koma siifika pa ya McGrath kapena Philander.

Pali gulu lina limene limaoneka lanzeru kuposa okonda liwiro koma nalonso ndi laulesi: owerenga ma wicket. Awa amati James Anderson ali ndi 704, palibe woponya mwaliwiro wina anafikapo, ndiye basi. Anderson ndimamulemekeza. Kuponya mpaka zaka 41, m'masewero 188, pa ntchito imene imathyola misana ya anyamata a zaka 25, si zamasewera, ndipo luso lake lokhotetsa mpira m'malere mbali zonse ziwiri linali losowa. Koma England imasewera ma Test ambiri kuposa dziko lina lililonse, ndipo oposa theka la masewero ake anali a kwawo, ndi mpira wa Dukes umene msoko wake umakhalitsa, pansi pa mitambo imene aliyense woponya amailota. Avareji yake ndi 26.45, ndipo kunja kwa England ma wicket ake ankadula kuposa apo. Ankafuna mipira pafupifupi 57 kuti atulutse munthu mmodzi. Dale Steyn ankafuna 42. Kusiyana kumeneko ndi ma over awiri ndi theka pa wicket iliyonse, ndipo pa tsiku lachisanu, dzuwa likupendeka, timu inayo ikungofuna kuti nthawi ithe, ma over amenewo ndiwo amalekanitsa kupambana ndi kulepherana.

Kwa ine mayeso enieni ali ku Asia, kumene nthaka ndi youma, udzu kulibe, kutentha n'koopsa, ndipo mabwalo amakonzedwera oponya mozungulitsa. Kumeneko woponya mwaliwiro amene amadalira chinthu chimodzi amasanduka wantchito wongochotsa kuwala pa mpira kuti anzake ayambe. Philander amene ndamutamanda uja kumeneko ankafatsa, ndipo n'chifukwa chake sindimuika pamwamba penipeni. Steyn sankafatsa. Ku Nagpur mu Febuluwale 2010, India ili nambala wani padziko lonse, anatulutsa Sachin Tendulkar ndi mpira wokhotera kunja pamene mpirawo unali usanakalambe. Madzulo anabweranso ndi reverse swing, pamene mpira wakale, wosalala mbali imodzi ndi wokhakhala mbali inayo, umakhotera kumene womenya sakuyembekezera, ndipo anasesa otsalawo. Anatenga 7 pa ma run 51, ma wicket 10 m'masewero onsewo, ndipo South Africa inapambana osafunikanso kumenya kachiwiri. Liwiro analinalo, inde. Koma ankalisunga, n'kulitulutsa pamene mpira wayamba kumumvera. Anamaliza ndi ma wicket 439 m'masewero 93 pa avareji ya 22.95.

Steyn asanabwere kunali Malcolm Marshall wa ku Barbados, wamfupi pakati pa zimphona za West Indies ngati Joel Garner. Ku India mu 1983 anatenga ma wicket 33 pa ulendo umodzi. Ku Headingley mu 1984 anatenga 7 pa ma run 53 chala chachikulu cha dzanja lamanzere chili chothyoka, chili mu pulasitala. Ma wicket 376 pa avareji ya 20.94. Mukandikakamiza kutchula dzina limodzi nditchula limeneli, ndipo okonda Wasim Akram akhoza kudzandipeza m'makomenti.

Chinanso chimene okonda liwiro sakonda kumva n'chakuti woponya amene ali m'chipatala satulutsa munthu. Akhtar, pa zaka khumi kuyambira 1997 mpaka 2007, anasewera ma Test 46 okha, mawondo ndi mikangano zikumudya. Avareji yake ya 25.69 ikusonyeza kuti akakhala bwino anali woopsa zedi, koma kaputeni sangamange timu pa munthu amene sakudziwa ngati mawa adzuka. Nkhawa yomweyo ilipo pa Jasprit Bumrah. Amathamanga masitepe ochepa, amasiya mpira dzanja lili patsogolo kuposa anzake moti umafika msanga kuposa mmene makina akunenera, ndipo mu Disembala 2024 anakhala woyamba kufika ma wicket 200 avareji ili pansi pa 20. Pa ulendo wa ku Australia womwewo anatenga 32, koma pa Test yomaliza ku Sydney msana unamugwira, ndipo Australia inathamangitsa ma run otsalawo iye akuonerera ali panja.

Kagiso Rabada ndiye amene owerenga ma wicket adzamulakwire kwambiri. Mu Okutobala 2024 ku Bangladesh anafika ma wicket 300 ataponya mipira yochepa kuposa wina aliyense m'mbiri ya Test. Mu Juni 2025 ku Lord's anatenga 9 pa fainolo ya World Test Championship imene South Africa inagonjetsa Australia. Koma dziko lake limapatsidwa timipikisano ta masewero awiriawiri pamene England, India ndi Australia zikumenyana asanuasanu. Pa 704 sadzafika, ngakhale msana wake utakhala wachitsulo.